MABALANE WA M'FONI YANGA YAKALE

Anzanga a m'migodi, ine ndiri ndi foni imene anyamata a m'cipinda cathu anaipatsa dzina lakuti Gogo. Galasi lace linang'aluka pa ngodya, kumbuyo ndimamanga ndi mphira kuti batire lisagwe, ndipo ndikaiyatsa m'mawa ndimayamba ndatereka madzi a tiyi, pakuti imadzuka mocedwa monga munthu wa shifiti ya usiku. Ndinaigula ku Rustenburg m'caka ca 2015 kwa munthu amene anayamba waigwiritsa nchito. Kufikira lero ndikali kuwerengapo nkhani za kwathu ku Mulanje tsiku ndi tsiku. Ndalemba izi cifukwa ndidziwa kuti m'makomponi mwathu muli a Gogo ambiri, ndipo eni ace anauzidwa kuti palibenso cocita koma kutaya ndi kugula yatsopano.

Foni siifa tsiku limodzi, imayamba yagontha khutu lina. Yangayi iri ndi Android 4.4, imene inaturuka mu 2013, ndipo malo ace ogwirira nchito, amene amati RAM, ndi 512 MB cabe, pamene mafoni ambiri a masiku ano ali ndi 4 GB kapena kuposa. Mu 2020 Chrome, browser imene ambiri a ife timatsegulira masamba a pa intaneti, inaleka kuturutsa zatsopano za mafoni a Android 4.4. Masambawo sanaime kudikira Gogo, anangonka nalemera. Ndikatsegula tsamba la nyuzipepala, foni inali kutentha m'dzanja, kanthu kozungulira kaja nkumangozungulira, kenaka zonse nkutsekeka. Data yapita, nkhani sindinawerenge.

Pambuyo pace panadza bvuto lina, masamba ena anayamba kukana ndithu, foni nkulemba m'Cingerezi kuti njira iyi siiri yotetezeka. Ndinafunsa, ndipo cifukwa cace ndi ici. Tsamba liri lonse lokhala ndi cizindikiro ca loko limaonetsa citupa kwa foni, monga ife timaonetsera khadi pa geti. Foni iri ndi ndandanda ya maofesi amene imadziwa saini yao, ndipo ndandandayo inaikidwamo pamene foni inapangidwa. Bungwe lina lochedwa Let's Encrypt limapatsa zitupa zaulere kwa masamba ocuruka zedi, koma mafoni a Android yakale kuposa 7.1.1 sadziwa saini yace. Kwa zaka zingapo zitupazo zinali kudutsa ndi saini ya ofesi ina yakale, koma pangano limenelo linatha mu 2024. Tsono Gogo ali ngati mlonda wokalamba amene adziwa saini ya manijala wopuma kale nchito, ndipo abweza ali yense wodza ndi khadi latsopano.

Wina adzati, bwanji osagula ina? Funso limeneli amafunsa ndi anthu osatumiza ndalama kumudzi. Mtengo wa foni yabwino ndiwo fizi ya mwana ku sekondale, ndiwo feteleza, ndiwo malata. Nthawi ziwiri ndinasunga ndalama za foni, nthawi ziwirizo kunadza uthenga wa matenda.

UFA WOSINJA KALE

Amene anandithandiza ndi mnyamata wa ku Angónia, m'dziko la Mozambique, amene timagwira naye gulu limodzi ndipo timalankhula cinenero cimodzi. Munali mu 2022. Anandipeza ndiri kutukwana foni pa khonde, naitenga, naiyang'ana uku ndi uku.

"Madala, musataye," anatero. "Foni iyi thumba la cimanga siingasenze, koma ufa wosinja kale ingathe kunyamula."

Ndinayesa anena za nthabwala. Loweruka tinapita ku sitolo kumene kuli Wi-Fi yaulere, ndipo anandiikira browser ina yaing'ono yochedwa Opera Mini. Nyuzipepala imene inakana miyezi yambiri inatseguka ndisanathe kubweza magalasi pa mphuno.

Opera Mini si cinthu catsopano iai. Eni ace ndi kampani ya Opera ya mu mzinda wa Oslo ku Norway. Anayamba kuiyesa kwao mu 2005, naituruta ku dziko lonse mu January 2006, nthawi imene tonse tinali ndi mafoni a mabatani. Inapangidwira mafoni ofooka ndi netiweki yocedwa, ndico cifukwa cace iyenerana ndi Gogo.

Kagwiridwe kace ka nchito ndidzakufotokozerani monga ndinakamvera ine. Browser wamba imapita yokha ku tsamba, nitenga zonse ziri pamenepo, mau, zithunzi zazikuru, zotsatsa malonda, ndi malamulo ambiri obisika amene foni iyenera kuwawerenga ndi kuwacita tsamba lisanaoneke. Nchito yonseyo iri pa msana pa foni yanu, ndipo data yonseyo mulipira ndinu. Opera Mini siicita tero. Mukalemba dzina la tsamba, imatumiza pempho lanu ku makompyuta akuru a kampaniyo, ochedwa server. Makompyutawo ndiwo amapita kukatenga tsambalo, naliwerenga, nacita malamulo aja, nacepetsa zithunzi, ndipo amakutumizirani tsamba losinja kale, lopepuka. Foni yanu ingoonetsa. Ngakhale citupa cija cimene Gogo sacidziwa, amene amaciona ndi makompyutawo, kotero masamba okana aja amatseguka.

Inu amene mwakhalitsa pa mgodi mwazindikira kale kuti ameneyu ndi mabalane. Iwe ukhala pa benchi, iye alowa mu ofesi, awerenga mapepala onse, naturuka nakuuza mau atatu amene ufuna.

Masamba ambiri a lero amalemera 2 MB kapena kuposa mukawatsegula pa foni. Eni Opera Mini amanena kuti ingathe kupulumutsa data kufikira magawo 90 pa 100. Pa Gogo sindifika pamenepo masiku onse. Ndikasiya zithunzi zoyatsa cipulumutso cimacepa, ndikazimitsa cimakwera. Browser yomweyo imaonetsa ciwerengero ca data imene mwapulumutsa, ndipo mungathe kudzionera nokha osakhulupirira mau anga.

MASIKU ANAI A MARCH

Lolemba pa 13 March 2023 ndinaturuka pansi masana, ndipo m'nyumba yosinthira zobvala ndinamva anthu a kwathu alikunena za namondwe wochedwa Freddy. Ndinatenga foni m'loka ndi kuimbira amai a kunyumba. Siinalowe. Ndinaimbira alamu anga, ndinaimbira mwana wa acemwali, onse zii. Magetsi anali atazima m'madera ambiri a kummwera kwa Malawi, ndipo foni yopanda moto ndi mwala cabe.

Ife a m'mphepete mwa phiri la Mulanje timadziwa napolo. Ndinali mnyamata mu 1991 pamene anatsika ku Phalombe, ndipo ndinaona miyala yaikuru ngati nyumba itakhala pamene panali midzi. Nyumba yanga iri kufupi ndi mtsinje.

Ndinayang'ana data, inatsala 40 MB, ndipo tsiku la malipiro linali kutali. Ndi browser wamba amenewo ndi masamba ngati 20, ndiko kunena madzulo amodzi. Ndinazimitsa zithunzi zonse mu Opera Mini ndi kuyamba kuwerenga mau okha-okha. Ndinawerenga kuti Pulezidenti Lazarus Chakwera walengeza kuti maboma a kummwera ali pa ngozi. Ndinawerenga za matope amene anakwirira nyumba ku Blantyre, za milatho yokokoloka ndi miseu yoduka. Pamene panayenera kukhala cithunzi panali kabokosi kopanda kanthu, ndipo ndinena zoona, usiku umenewo ndinathokoza kuti zithunzizo sindinazione.

M'mawa ndinatsika pansi monga mwa masiku onse, pakuti foni siiloledwa kumeneko ndipo nchito siidikira. Mudziwa inu nonse kuti munthu amene mtima wace uli kwina ndiye woopsya pansi, kwa iye mwini ndi kwa anzace. Kapitao wathu anandibweza kawiri pa malo amene ndinaima osayang'ana denga. Ndikaturuka ndinali kuthamangira ku loka ndisanasambe.

Anzanga atatu a kwathu, amene data yao inathera pa mavidiyo a madzi tsiku loyamba lomwe, anayamba kudza m'cipinda mwanga madzulo. Tinali kukhala pa bedi, ine nkumawerenga mokweza, iwo nkumachera khutu kumva maina a midzi. Lacitatu usiku, pa gulu lina la Facebook la anthu a dera lathu, mphunzitsi wina amene anapeza pochajira analemba midzi imene anthu ace anathawira pa sukulu yace. Mudzi wathu unalipo. Maina a anthu panalibe, koma ndinagona pang'ono usiku umenewo. Lacisanu foni inalira ndi nambala yacilendo.

"Abambo, ndine. Tiri moyo tonse, ana ali pano. Khichini lagwa, mbuzi zapita ndi madzi."

Ndinati, "Amai, mbuzi zisiyeni," ndipo mau ena anakana kuturuka.

Mnzanga wa ku Phalombe sanalandire foni yotere. Uthenga wa abale ace tinauwerenga pa Gogo yemweyo, ndipo ndine ndinauwerenga. Anthu mazana-mazana anafa m'masiku amenewo, ena sanapezeke konse. Pamene zonse zinatha, pa 40 MB paja panali patatsala kanthu.

ZIMENE MABALANE SANGATHE

Ndisakunamizeni kuti Opera Mini isandutsa foni yakale kukhala yatsopano. Vidiyo ndi vidiyo, imadya data ndipo Gogo amatsamwa nayo. Masamba ena amadza osokonekera, mau pamwamba pa mau anzace. Ena ali ndi mabatani amene mukakanikiza tsamba lonse liyamba lapita kwa mabalane ndi kubwerako, ndipo ena sayankha konse. Mapu oyendetsa ndi cala ndi mafomu atali a pa intaneti ndinaleka kuyesa. Ndikafuna zimenezo ndimapempha foni ya mnyamata uja.

Cimene cinandipweteka koposa ndi WhatsApp. Kuyambira pa 24 October 2023 inaleka kugwira nchito pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0, ndipo apa Opera Mini siingathandize, cifukwa WhatsApp ndi purogramu yapayokha. Kale amai anali kunditumizira mau ao ojambula, ine nkumamvera ndiri gone, tambala wa kwathu alikulira capatali. Tsopano tabwerera ku SMS ndi kuimba kwa mphindi ziwiri Lamulungu. Ici cokha ndico cidzandigulitsa foni yatsopano tsiku lina.

Pa tsamba loyamba la browser pamadzanso nkhani zosankhidwa ndi zotsatsa malonda. Ine ndinazimitsa zimene zitheka kuzimitsa, pamodzi ndi timauthenga todzilirira tokha, pakuti munthu wofuna kuona mtengo wa Rand angapezeke ola lathunthu alikuwerenga za ukwati wa woimba wa dziko limene sadzafikako.

ZA M'BOKOSI

Tsopano ndifika pa cimene ndifuna kuti mucigwire, ndipo ndiyamba ndi agogo anga amuna. Iwo anadza ku Joni ndi Wenela zaka za m'ma 1950, osadziwa kulemba ngakhale dzina lao. M'komponi mwao munali munthu wina wophunzira ku mishoni amene Lamulungu anali kukhala pansi pa mtengo ndi kulembera anthu makalata, tiki kalata imodzi, ndi kuwawerengera ocokera kumudzi. Popanda iye ambiri akadasanduka machona, cifukwa munthu wosalemba kwao amaiwalika. Tsiku lina agogo analembetsa kalata kwa atsibweni ao kunena kuti asunga mapaundi 8 m'bokosi, ogulira ng'ombe. Kalata isanafike ndi ku Salisbury komwe, komponi yonse inadziwa za mapaundiwo, ndipo ofuna ngongole anafola pa khomo. Mlembiyo sanabe kanthu, anali munthu wabwino ndithu. Koma mau anadutsa m'maso mwace. Kuyambira pamenepo agogo anali kumuuza za moni, za mvula ndi za ana, koma za m'bokosi anali kutumiza pakamwa ndi mbale wopita kumudzi.

Opera Mini iri cimodzi-modzi. Mukatsegula tsamba la loko ndi browser wamba, mau anu amatsekedwa m'foni mwanu natsegulidwa kumene apita, pakati palibe woona. Koma mabalane sangacepetse tsamba limene sanaliwerenge. Kotero mukaika Opera Mini pa kupulumutsa kwakukuru, mau anu amayenda otsekedwa kucoka pa foni kufika ku server ya kampaniyo, pamenepo amatsegulidwa, natsekedwanso popita ku tsamba limene mufuna. Kampaniyo siinabise zimenezi, ndipo sindinena kuti imaba kanthu ka munthu. Ndinena kuti pali malo pakati pa njira pamene kalata yanu iri yotsegula, ndipo malowo si anu.

Cifukwa ca ici ine ndinadziikira malire. Nyuzipepala, mpira, nyengo, mtengo wa ndalama, Wikipedia, zonsezi ndimapatsa mabalane mosaopa. Facebook ndimalowa naye, ndabvomera, koma mau ace acinsinsi sindigwiritsa nchito kwina kuli konse. Za banki iai. Nambala ya khadi la banki, PIN, nambala ya pasipoti, izi sizidutsa pa browser ya Gogo, kaya Opera Mini kaya ina, pakuti foni yakale siilandiranso zigamba zotseka mipata imene akuba a pa intaneti apeza caka ndi caka. Za ndalama ndimacita ndi manambala a nyenyezi aja, amene kuno ku South Africa ambiri amayamba ndi *120*. Iwo safuna data, ndipo amagwira ngakhale pa foni ya mabatani. Zikakanika pamenepo ndimapita ndi miyendo yanga ku ATM.

Ndipo ndikupemphani, musalole munthu kukuikirani purogramu yocokera pa tsamba losadziwika cifukwa cakuti Play Store yakana. Kuyambira mu August 2023 Google inaleka kusamalira mafoni a Android 4.4, ndipo pamene pali njala pamadza ogulitsa ufa wosakaniza ndi mcenga. Mnzathu wina anaikiridwa "WhatsApp ya mafoni akale" ndi munthu wa pa renki, ndipo mayunitsi ace anali kutha usiku iye ali m'tulo. Ngati Opera Mini iri kale m'foni mwanu, musaicotse poyesa kupeza malo.

Kuwerenga kokha kuli ndi phindu lace. Pa 9 November 2023 Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100, dola imodzi kucoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndinawerenga pa Gogo m'mamawa ndisanatsike. Masiku atatu m'mbuyo ndinali nditatumiza ndalama za feteleza, ndipo amai anali kudikira Loweruka kuti apite ku boma. Ndinatumiza SMS pomwepo kuti apite tsiku lomwelo, asasunge ndalama m'nyumba. Anapeza sitolo ina isanasinthe mitengo. Nkhani imeneyo siinadye ndi theka la MB lomwe.

Kwa amene afuna kuyesa, malo ofunika ali pa Data savings. Pamenepo sankhani Extreme, ndiye mabalane weni-weni amene ndafotokoza. Palinso High, imene imaonetsa masamba okongola koposa, koma imabwezera nchito yambiri pa foni yanu, ndipo pa foni ya msinkhu wa Gogo mabvuto akale aja a zitupa ndi kutentha amabwerera. Zithunzi ikani pa Low, kapena zimitsani ndithu ngati mwezi wafika pakati. Musatsegule masamba ambiri nthawi imodzi, awiri akwana. Mukafika pa Wi-Fi yaulere, sungani masamba atali m'foni kuti mukawerenge m'cipinda popanda data. Ine ndinasunga tero malangizo a boma a kabzalidwe ka cimanga, ndipo ndimawawerengera amai pa foni nyengo ikayandikira, ngakhale iwo amati adziwa kulima kuposa boma ndi ine pamodzi.

Masiku a Gogo ali owerengeka, ndidziwa. Amayenda pa 3G, ndipo mu 2022 boma la South Africa linaturutsa maganizo akuti netiweki za 2G ndi 3G zidzazimitsidwe kuti malo ace apite ku zatsopano. Tsiku limenelo likafika palibe browser imene idzamuukitse. Ndayambanso kusunga pang'ono-pang'ono m'kabotolo, kacitatu tsopano.

Mwezi wathawu, cakumapeto, mmodzi wa anyamata aja amene anachula dzina la Gogo anaima pa khomo langa madzulo a Loweruka. M'dzanja anali ndi foni yace yaikuru ya makamera atatu, yopanda ndi MB imodzi yomwe, ndipo kwathu kunali mpira wa Bullets ndi Wanderers.

"Madala," anatero, alikukanda m'mutu, "tandifunsirani a Gogo, zatha bwanji ku Blantyre?"

Ndinamuuza akhale pansi atereke tiyi, pakuti a Gogo ayamba adzuka.